Mbiri ya Macenjezo a Namondwe pa Gombe la Chintheche

Gombe la Chintheche, m'boma la Nkhata Bay, liri ndi mcenga woyera ndi madzi ooneka ofatsa. Koma Atonga a kumeneko adziwa kuyambira kale kuti nyanjayi siicedwa kukwiya. M'miyezi ya cisanu, kuyambira May kufikira August, mphepo ya Mwera imatsata utali wa nyanja, umene uposa mamailosi 300. Popeza pamadzi palibe phiri loitsekereza, mafunde amakulirakulira pamene alinkupita kumpoto, ndipo pofika ku Chintheche bwato silingathe kulimbana nao. M'dzinja namo muli Mpoto, ndi akabvumvulu amene nthawi zina amaimika madzi ngati nsanamira kufikira kumitambo.

Makolo analibe wailesi, koma anali nao owacenjeza. Akulu a pa dooko ankayang'ana mitambo ndi kayendedwe ka mafunde, ndipo iwo akaletsa, anyamata ankabweza nkhafi ndi maukonde kumudzi. Komatu nzeru imeneyi inali ndi malire ace, pakuti diso la munthu wa ku Chintheche siliona mphepo imene ikali ku Mangochi.

Dr. David Livingstone, amene anayenda pa nyanjayi ndi ngalawa m'caka ca 1861, anaicha nyanja ya anamondwe. Amishoni atakhazikika ku Bandawe m'caka ca 1881, ndipo sitima zitacuruka, anthu oyenda pamadzi anacurukanso, koma njira yowacenjezera inali isanapezeke. Pa 30 July 1946, m'kati mwa nyengo ya Mwera, sitima yatsopano ya Vipya inagubuduzika pafupi ndi Florence Bay, m'munsi mwa phiri la Livingstonia, ndipo anthu 145 anamira.

Zaka zomwezo ku America anthu analinkulimbana ndi funso la kucenjeza. Kumeneko akabvumvulu amagwetsa midzi yathunthu, koma kwa zaka zambiri akulu a za nyengo analetsa kuchula kabvumvulu polosera, poopa kuti anthu angacite mantha koposa. Pa 25 March 1948 asilikali awiri odziwa za nyengo, Fawbush ndi Miller, analosera kabvumvulu ku Oklahoma, ndipo anadzadi tsiku lomwelo. Posacedwa cinadziwika kuti kubisa coopsya kumapha anthu ambiri koposa kucinena.

Kuno wailesi inafika m'midzi pang'onopang'ono. M'caka ca 1949 kunabwera kawailesi kochipa kooneka ngati sefuliya, kamene anthu ankamverako Cinyanja kucokera ku Lusaka. Ndipo m'caka ca 1964 dziko linakhala ndi nyumba yaceyace ya mphepo, ya MBC. Tsono mau a akulu a za nyengo a ku Blantyre anayamba kuthamanga koposa Mwera. Koma panatsala bvuto la cinenero. Kuyambira 1968 wailesiyo inkalankhula Cicewa ndi Cingelezi cokha, ndipo Citumbuka cinadzamvekanso m'caka ca 1994, Citonga pambuyo pace. Cenjezo limene msodzi salimvetsa lifanana ndi ng'oma yoombedwa kutsidya kwa phiri.

Nchito ya wolengeza za nyengo njolemetsa. Msodzi wa usipa akamvera cenjezo nakhala pamtunda, banja lace ligona osalawa ndiwo. Ndipo cenjezo likanama kawiri kapena katatu, iye sadzamveranso. Cifukwa cace wolengeza wabwino amachula dzina la mphepo, dera limene idzaombe, ndi nthawi yace, osaonjeza ndiponso osacepetsa. Namondwe wa Freddy, amene anapha anthu oposa 600 m'cigawo ca kumwera mu March 2023, anadza atalengezedwa kale. Koma mau oulutsidwa sapulumutsa munthu akapanda kufika pakhomo pace ndi kukhulupiriridwa.

Apa mpamene mphunzitsi wa sukulu ya ku gombe apeza gawo lace. Ana ace ndiwo a asodzi, ndipo ena a iwo adzagwira nkhafi asanakule. Iye awaphunzitse maina a Mwera, Mpoto, Vuma ndi Zambwe, ndi mbali imene mphepo iri yonse icokera. Aitane mkulu wa pa dooko kudzafotokoza zizindikiro za makolo, nawazoloweze anawo kumvera za nyengo pa wailesi ndi kukazinena kwao m'Citonga, mabwato asanakankhidwire pamadzi madzulo.