Komwe kuli zikalata za mlakatuli Yeats ndi mlembi wa mbiri yake

Ofufuza moyo wa William Butler Yeats, mlakatuli wa m'dziko la Ireland, amadalira nkhokwe ziwiri: zolemba zake, ndi za Richard Ellmann, katswiri wa ku America yemwe analemba mbiri yake.

Yeats anabadwira ku Dublin m'chaka cha 1865, analandira mphoto ya Nobel mu 1923, ndipo anamwalirira ku France mu 1939. Zambiri mwa zomwe analemba pamanja, monga makalata, makope ndi ndakatulo zomwe ankazikonza mobwerezabwereza, zili kunyumba yosungira mabuku ya National Library of Ireland mumzinda wa Dublin. Akubanja kwake anazipereka kumeneko pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndipo mu 2006 nyumbayi inatsegula chionetsero cha zikalatazi. Zithunzi za zina mwa izo zili ku yunivesite ya Stony Brook ku New York.

Ellmann, yemwe anabadwa mu 1918, anafika ku Dublin mu 1945, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha. Mkazi wa malemu Yeats, George, anamulola kuwerenga mapepala omwe panthawiyo anali asanasindikizidwe. Chomwe chinatuluka m'kafukufukuyu ndi buku lotchedwa Yeats: The Man and the Masks, la mu 1948. Pambuyo pake analembanso mbiri za James Joyce ndi Oscar Wilde, asanamwalire ku Oxford mu 1987.

Zikalata za Ellmann zimasungidwa ku McFarlin Library, pa yunivesite ya Tulsa m'chigawo cha Oklahoma. Kufunika kwake n'koti iye anacheza maso ndi maso ndi anthu omudziwa mlakatuliyu, kuphatikizapo Maud Gonne, mayi yemwe Yeats anamufunsira banja kangapo koma n'kukanidwa. Si zonse zomwe anamva zomwe anazilemba mu 1948. Zina zokhudza ubwenzi wa awiriwa anadzaziulula m'mawu oyamba a bukuli pomwe linasindikizidwanso mu 1979, Gonne ndi George Yeats atamwalira kale.

Mboni zonsezo zinatsikira kulichete, choncho wofuna kutsimikiza zomwe zinanena ayenera kuyerekeza zolemba za ku Tulsa ndi za ku Dublin. Mbiri ina yaikulu ya Yeats, yolembedwa ndi Roy Foster, inatuluka m'magawo awiri, mu 1997 ndi 2003.