Seminale ya Kachebere ndi Funso la Khungu mu Mpingo: Njira ya Ambuye Patrick Kalilombe

Kachebere, malo amene ali m'boma la Mchinji pafupi ndi malire a Malawi ndi Zambia, ndi amodzi mwa malo oyamba kumene ansembe a chipani cha Missionaries of Africa anakhazikitsa mishoni m'chigawo chapakati, pakuti anafikako m'chaka cha 1903, patangopita zaka zisanu chigonjetsedwere Angoni a Mpezeni ndi asilikali a Britain. Chipanichi, chimene Charles Lavigerie anachiyambitsa ku Algiers m'chaka cha 1868, chinatchuka ndi dzina loti White Fathers chifukwa cha mkanjo woyera umene ansembe ake ankavala, ngakhale kuti m'maso mwa anthu a m'midzi kuyera kwa mkanjowo sikunkasiyana ndi kuyera kwa khungu la ouvala. M'chaka cha 1939 ansembewa anatsegula pamalopa seminale yaikulu, ndiko kuti sukulu yophunzitsa anyamata nzeru zakuya ndi maphunziro a zaumulungu asanadzozedwe unsembe, ndipo inkalandira ophunzira ochokera ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia komwe.

Ntchito ya seminaleyi inakula m'nyengo imene funso la khungu linali pakamwa pa aliyense, makamaka m'zaka za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, pamene atsogoleri a azungu ankalalikira kuti iwo ndi anthu akuda ndi abwenzi oyendetsa dziko limodzi, chonsecho mphamvu ya voti, minda yachonde ndi malipiro abwino zinali m'manja mwa azungu ochepa. Mu mpingo namonso funso lomwelo linalipo, chifukwa kudzoza munthu wakuda unsembe kunali chinthu china, ndipo kumusiyira udindo woganiza ndi kulamula m'malo mwa mmishonale kunali chinthu chinanso.

Mwa onse amene anadutsa pa Kachebere, amene analimbana ndi funsoli moyo wake wonse ndi Patrick Augustine Kalilombe, amene anabadwira ku Mua m'boma la Dedza m'chaka cha 1933. Ataphunzira ku maseminale a Kasina ndi Kachebere, iwo anakhala Mmalawi woyamba kulowa chipani cha White Fathers, anapitiriza maphunziro kumpoto kwa Africa, nadzozedwa unsembe m'chaka cha 1958, ndipo atazama pa maphunziro a Baibulo ku Rome anabwerera ku Kachebere monga mphunzitsi, kenaka monga mkulu wa seminale imene inawalera. M'chaka cha 1972 anasankhidwa kukhala episkopi wa Lilongwe, kulowa m'malo mwa Joseph Fady.

Maganizo amene anawatchukitsa, ndiponso kuwapalira mavuto, anali oti kusintha khungu la episkopi sikukwanira ngati mpingo ukupitiriza kudalira ndalama, antchito ndi maganizo ochokera kunja. Kalata yawo ya 1973 inapempha kuti mpingo wa Lilongwe ukhale wodzitumikira wokha, wodzifalitsa wokha ndiponso wodzidalira pa chuma, ndipo njira imene anaikonda inali miphakati, imene ndi timagulu ta mabanja oyandikana amene amapemphera pamodzi, kuwerenga Baibulo ndi kukambirana mavuto a m'mudzi popanda kudikira wansembe. Kwa ena ozolowera mpingo woyendetsedwa kuchokera ku mishoni, zimenezi zinali kuchepetsa ulemu wa unsembe, pamene kwa akuluakulu a Malawi Congress Party, m'dziko la chipani chimodzi kumene a Mboni za Yehova anali ataletsedwa kale m'chaka cha 1967, msonkhano uliwonse wa anthu wamba umene sunaitanidwe ndi chipani unkaoneka ngati chisa cha oukira boma. Chifukwa cha chikaiko chimenechi a Kalilombe anachoka m'dziko muno m'chaka cha 1976, ndipo anatula pansi udindo wa uepiskopi wa Lilongwe m'chaka cha 1979.

Ali kunja sanatseke pakamwa. M'chaka chomwecho cha 1979 anafalitsa nkhani yotsutsa chiphunzitso chakale chimene chinkaona zipembedzo za makolo a mu Africa ngati mdima wokhawokha, nafotokoza kuti Mulungu ankagwira ntchito yake yopulumutsa pakati pa makolowo amishonale asanabwere, mfundo imene inagwedeza maziko a ganizo loti choonadi chonse chinadza ndi mzungu. Atatsiriza maphunziro a udokotala ku Berkeley m'dziko la America, anapita ku Selly Oak mumzinda wa Birmingham, kumene anatsogolera Centre for Black and White Christian Partnership, malo amene ankasonkhanitsa abusa a mipingo ya anthu akuda ochokera ku Caribbean ndi ku Africa pamodzi ndi a mipingo ya azungu kuti aphunzire limodzi. Liwu la ubwenzi (partnership) la m'dzina la malowa, limene m'nthawi ya Chitaganya linali chophimba cha tsankho, iwo analigwiritsa ntchito m'tanthauzo lake lenileni, loti mbali zonse ziwiri zili ndi chophunzitsa ndiponso chophunzira.

Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, a Kalilombe anabwerera kwawo nakaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, kumene buku lawo la Doing Theology at the Grassroots linatuluka m'chaka cha 1999, ndipo anamwalira m'chaka cha 2012. Seminale imene azungu anaimanga kuti ipeze othandiza amishonale inabala munthu amene anaonetsa kuti mpingo ndi wa eni mudzi, ndipo miphakati imene inamuthamangitsitsa m'dziko lake lero ndiyo maziko a maparishi a Katolika m'Malawi monse.