Fungo la Mzungu ndi Fungo Lathu: Za Kale ku Kafue

Adzukulu anga, Kafue wa nyumba za Estates ndi mafakitale amene mukumudziwayu ndi wadzana, wabwera ufulu wa 1964 utapezeka kale. Njanji itafika kuno mu 1906, mlatho wake uja wa zigawo 13 utayalidwa pamtsinje, chimene chinakula ndi siteshoni, masitolo ochepa ndi mafamu a azungu basi. Atate anga anachokera ku Fort Jameson, kumene lero mumati Chipata, nadzalembedwa ukhukhi m'nyumba ya mzungu wina. Zina mwa izi ndinaona ndi maso anga ndili mnyamata m'zaka za m'ma 1950, zina ndi za m'kamwa mwawo.

Masiku amenewo azungu ambiri ankati munthu wakuda amanunkha, ndipo sankanena monong'ona ayi. Atate ankapatsidwa sopo wofiira wa Lifebuoy kuti asambe asanagwire mbale, ngakhale anali atasamba kale tambala woyamba. Kapu yawo inali yachitini, yokolekedwa pamsomali kuseri kwa khitchini. M'matauni a m'mbali mwa njanji, munthu wakuda ankagula nyama pakawindo ka kumbali, osaponda pakhomo lolowera azungu. Ukafunsa chifukwa, ankatchula ukhondo.

Chimene iwo sankadziwa n'chakuti mphuno tinali nazo ifenso. Madzulo kukomboni, atate ndi anzawo ogwira ntchito m'nyumba ankakamba za fungo la mabwana awo: mkaka wosasa, tchizi, fodya wa m'kaliwo, masokosi aubweya amene akhala m'jombo tsiku lonse mwezi wa Okutobala. Wina wochapa zovala ankati malaya a bwana wake akanyowa ndi thukuta amamveka ngati nkhuku yoviikidwa m'madzi otentha poti aisosole. Koma chowadabwitsa kwambiri atate chinali bafa. Ankatenthetsa madzi pambaula ya nkhuni, bwana n'kulowamo, n'kukhala pansi m'madzi omwewo amene akutsukiramo mapazi, n'kusambiramonso kumaso. Potaya madziwo, atate ankapeza litsiro litalemba mzere kuzungulira bafa lonse, n'kumadzifunsa kuti kodi munthuyu wasamba kapena wangodziviika.

Kusamba kwathu kunali kwa madzi oyenda. Amuna anali ndi dooko lawo, akazi lawo, ndipo wina ankakhala tcheru chifukwa cha ng'ona, pakuti mtsinje wa Kafue suchita masewera. Mapazi tinkakwecha pamwala mpaka ming'alu ya kuchidendene itayera. Mano tinkatsuka ndi mswachi wa kamtengo. Kenaka mafuta. Amayi ankakazinga nsatsi m'phale, n'kusinja, n'kuwiritsa m'madzi mpaka mafuta atayandama pamwamba, n'kumawayengula pang'onopang'ono kuthira m'nsupa. Mwana wosadzola, wotuwa mbuu, ankachititsa manyazi amake. Kwa ife fungo la nsatsi linali la munthu wosamalidwa. Kwa dona linali loti atsegule mawindo.

Ndisakunamizeni kuti ife tinali oyera mtima. Abale athu Aila a kuchigwa cha Kafue, eni ng'ombe, ankadzola mafuta a mkaka, ndipo ife obwera kuchokera kum'mawa tinkagwira mphuno akadutsa. Iwonso ankatinena ife, ndipo tonse pamodzi tinkanena asodzi kuti fungo la nsomba lawalowa m'khungu. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tinkanenana kenaka n'kudyera mbale imodzi. Palibe anamangira mnzake kawindo.

Inu ophunzira mukudziwa kuti thukuta likamatuluka silinunkha. Tizilombo ta pakhungu, makamaka m'khwapa, ndi timene timalisandutsa fungo. Pamenepo onjezani chakudya, utsi wa nkhuni, mafuta odzola ndi nsalu. Mphuno imazolowera za kwawo, n'kumangomva za mlendo. Si kuno kokha. Ku Indonesia, dziko lotentha limene linkalamulidwa ndi Adatchi, anthu amasamba kawiri patsiku podzithira madzi otunga ndi kachikho, ndipo nawonso amadabwa ndi alendo a ku Ulaya osamba kamodzi.

Nanga munthu amene wasenza matumba a chimanga pasiteshoni dzuwa lili paliwombo, malaya ali amodzi, mpopi komboni yonse ikulimbirana, sopo akudya malipiro a tsiku, azunguwo ankafuna anunkhire bwanji? Apa ndi pamene mtima umandiwawabe. Manja omwewo amene ankati sayenera kukhudza kapu ya bwana ndi amene ankakanda buledi wake. Msana womwewo wa mayi wolera ndi umene mwana wa dona ankagonapo tulo tabwino, mphuno ataikanikiza pakhosi pake. Ngati fungo linali vuto, bwenzi atayamba kutichotsa m'khitchini ndi m'chipinda cha ana.

Za tiziwindo zija zinatha motere. Harry Nkumbula, amene anaphunzira konkuno pasukulu ya Amethodisti ya Kafue Training Institute, anatsogolera chipani cha African National Congress, ndipo mu 1954 anthu a ku Lusaka ananyanyala kugula nyama m'mabutchala a tiziwindo. Mu 1960 boma linakhazikitsa lamulo loletsa kusankha mtundu m'malo odyera ndi oonerako kanema. Tinalowa pakhomo lakutsogolo ndi matupi omwewo, titasamba monga tinkasambira kale, ndipo ndalama zathu anazilandira.