Zoyenera Kudziwa pa Nkhani Yoitanitsa Galimoto Kuchokera Kunja kwa Dziko Lino

Alimi, amalonda ndi anthu ena ambiri amene akufuna galimoto amaona kuti mtengo umene umalengezedwa ku Japan, ku South Africa, ku Dubai kapena ku Britain ndi wotsika poyerekeza ndi wa m'makampani ogulitsa galimoto m'dziko muno. Pa chifukwa chimenechi, ambiri amaganiza zodziitanitsira okha ndi cholinga chopulumutsa ndalama. Malamulo a dziko lino amalola munthu aliyense kutero. Komabe mtengo umene wogulitsa amalemba ndi gawo loyamba chabe la ndalama zonse zimene zimafunika kuti galimoto iyambe kuyenda pa misewu ya Malawi. Chidziwitso chino chikufotokoza njira imene galimoto imadzera, misonkho imene imalipiridwa, zikalata zofunika ndiponso mavuto amene wogula ayenera kupewa.

Njira zimene galimoto imadzera

Dziko la Malawi lilibe doko la kunyanja yamchere, choncho galimoto yochokera kutsidya kwa nyanja imatsitsidwa m'dziko lina, kenaka n'kuyenda pa msewu mpaka ku malire. Zambiri mwa galimoto zochokera ku Japan zimatsikira pa doko la Dar es Salaam ku Tanzania. Kuchokera kumeneko zimayenda ulendo wa makilomita oposa 900 kufika ku Kasumulu, ndipo zimalowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe m'boma la Karonga. Madoko ena amene amagwiritsidwa ntchito ndi Beira ndi Nacala ku Mozambique komanso Durban ku South Africa.

Galimoto yogulidwa ku South Africa nthawi zambiri imadutsa pa Beitbridge kulowa mu Zimbabwe, n'kutulukira pa Nyamapanda, kudzera m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo imalowa kuno pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza. Yochokera ku Zambia imalowera pa chipata cha Mchinji. Dziko lililonse limene galimoto ikudutsamo lili ndi zikalata ndi ndalama zake zimene limafuna, ndipo zonsezi zimakhala pa mutu pa wogula.

Ndalama zimene zimalipiridwa galimoto isanafike pa malire

Mitengo yolengezedwa pa intaneti imakhala ya mitundu iwiri. Mtengo wa FOB ndi wa galimoto yokha mpaka kuikweza m'sitima pa doko la dziko limene ikuchokera. Mtengo wa CIF umaphatikiza galimoto, inshuwalansi ya pa ulendo ndi ndalama yonyamulira mpaka pa doko limene latchulidwa. Wogula ayenera kufunsa kuti mtengo umene wapatsidwa ndi uti, chifukwa kusiyana kwake kumakhala kwakukulu.

Galimoto ikafika pa doko, pamafunika ndalama yoitsitsira, ya wothandizira kuiwombola pa dokolo, ya mafuta, ya dalaivala kapena ya lole yoinyamula, ndi ya inshuwalansi ya pa msewu. Madoko amapereka masiku owerengeka osungira katundu mwaulere. Masikuwo akatha, ndalama yosungira imawerengedwa tsiku ndi tsiku. Anthu ambiri amaluza ndalama pamenepa chifukwa zikalata zachedwa kufika, kapena chifukwa sanakonzeretu ndalama yowombolera.

Ndalama zakunja ndi mphamvu ya kwacha

Galimoto imagulidwa ndi ndalama zakunja, makamaka madola a ku America, pamene wogula amapeza ndalama zake m'makwacha. Malamulo amafuna kuti ndalama zakunja zizigulidwa ku mabanki ndi ku malo ena ovomerezedwa ndi banki yaikulu ya Reserve. Kugula madola pa msika wamseri ndi mlandu, ndiponso kumasiya wogula wopanda umboni wosonyeza kuti analipira.

Mphamvu ya kwacha ikatsika, mtengo wa galimoto umakwera nthawi yomweyo. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola imodzi. Izi zikutanthauza kuti galimoto ya madola 10,000, imene inkafuna K11.8 miliyoni, inayamba kufuna K17 miliyoni. Msonkho wotengera mtengo wa galimoto nawo umakwera chimodzimodzi, popeza mtengo wa galimoto umasinthidwa kukhala m'makwacha pa nthawi imene galimotoyo ikuwomboledwa, osati pa tsiku limene inagulidwa. Pakati pa masiku awiriwa pamatha kudutsa miyezi ingapo.

Misonkho ya pa malire

Ntchito yotolera msonkho wa galimoto zolowa m'dziko muno ndi ya bungwe la Malawi Revenue Authority, lodziwika kuti MRA, motsatira lamulo la Customs and Excise Act. Misonkho yaikulu ilipo itatu, ndipo pa galimoto zimene msonkho wake umatengera mtengo, imawerengedwa mosanjikizana. Woyamba ndi msonkho wolowetsera katundu m'dziko, umene umawerengedwa pa mtengo wa galimoto kuphatikizapo inshuwalansi ndi ndalama yonyamulira. Wachiwiri ndi msonkho wa excise, umene umawerengedwa pa mtengowo utaphatikizidwa ndi msonkho woyamba. Wachitatu ndi VAT, umene umawerengedwa pa zonsezo pamodzi. Chifukwa cha kusanjikizana kumeneku, msonkho wa galimoto zina umayandikira mtengo umene galimotoyo inagulidwira, ndipo nthawi zina umaposa.

Kuchuluka kwa msonkho kumadalira mtundu wa galimoto, kukula kwa injini ndi zaka zake. Galimoto ya injini yaikulu imalipira wochuluka kuposa ya injini yaing'ono, ndipo yakale kwambiri imalipira msonkho wa excise wokwera kuposa ya posachedwa. Galimoto zonyamula katundu, monga malole ndi mapikapu, zili m'magulu osiyana ndi galimoto zonyamula anthu. Mlimi amene akufuna galimoto yotutira mbewu ndi feteleza ayenera kudziwa gulu la galimoto yake asanalipire kanthu.

Akuluakulu a MRA sakakamizika kulandira mtengo umene walembedwa pa invoisi ngati akuona kuti ndi wotsika mokayikitsa. Ali ndi mphamvu yoyesa mtengo wa galimoto mwa njira zina zimene lamulo limalola. Kupempha wogulitsa kuti alembe mtengo wabodza ndi mlandu umene chilango chake ndi chindapusa, ndipo galimoto ikhoza kulandidwa. Miyeso ya misonkho imasintha pamene Nyumba ya Malamulo yavomereza ndondomeko ya chuma, choncho wogula afunse ku ofesi ya MRA za miyeso imene ikugwira ntchito pa nthawiyo, ndipo asadalire zimene mnzake analipira chaka chatha.

Malawi ndi membala wa mabungwe a SADC ndi COMESA, amene amachepetsa msonkho wolowetsera katundu wopangidwa m'maiko a m'mabungwewa. Mwayi umenewu umatsatira dziko limene galimoto inapangidwira, osati limene inagulidwira, ndipo umafuna chikalata chotsimikizira kumene inapangidwa. Galimoto yopangidwa ku Japan kapena ku Germany siisanduka ya ku South Africa chifukwa choti yagulidwa ku Johannesburg.

Zikalata zofunika

Powombola galimoto pamafunika invoisi ya wogulitsa, umboni wa ku banki wosonyeza malipiro, chikalata cha kampani ya sitima chotchedwa Bill of Lading ngati galimoto yadzera pa nyanja, chikalata chosonyeza kuti galimoto yachotsedwa m'kaundula wa dziko limene ikuchokera, chitupa cha wogula ndi nambala yake ya msonkho. Galimoto yochokera m'maiko a kuno kumwera kwa Africa imafunanso chikalata cha apolisi a kumeneko chotsimikizira kuti si yakuba.

Dzina la wogula ndi nambala ya chasisi ziyenera kufanana pa zikalata zonse komanso pa galimoto yeniyeniyo. Chilembo chimodzi chikalakwika, galimoto imatha kukhala pa malire masiku ambiri uku ndalama yosungira ikuchuluka.

Zikalata zimaperekedwa ku MRA kudzera mu dongosolo la pa kompyuta la ASYCUDA, ndipo ntchitoyi imagwiridwa ndi maejenti amene ali ndi laisensi. Pa zipata pamapezeka anthu ambiri odzitcha maejenti. Wogula aone laisensi ya ejenti, agwirizane naye mtengo wa ntchito yake molemba, ndipo aonetsetse kuti walandira chikalata chosonyeza msonkho umene MRA yawerengera pamodzi ndi lisiti lake. Ejenti akalakwitsa kapena akanama pa zikalata, galimoto imene imagwidwa ndi ya wogula.

Kulembetsa galimoto

Kulipira msonkho sikutanthauza kuti galimoto yaloledwa kugwira ntchito. Apolisi amayamba aifufuza pofuna kutsimikiza kuti sinabedwe kwina. Kenaka imalembetsedwa ku nthambi yoona za pa msewu ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, kumene imapimidwa, kupatsidwa nambala ndi chiphaso cha COF chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda. Lamulo limafunanso kuti galimoto iliyonse ikhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena amene angapwetekedwe nayo. Amene akufuna kunyamula anthu kapena katundu mwa malonda amafunika zilolezo zina zoonjezera.

Njira zachidule zimene zimathera m'mavuto

Anthu ena amalowetsa galimoto ya nambala yakunja pa chilolezo chongoyembekezera, chimene chimaperekedwa kwa alendo kwa nthawi yochepa, kenaka n'kumaigwiritsa ntchito kapena kuigulitsa msonkho usanalipiridwe. Galimoto yotereyi ikapezeka imagwidwa, ndipo amene waigula amaluza ndalama zake ngakhale atanena kuti sankadziwa. N'chimodzimodzinso ndi galimoto imene inalowa mosalipira msonkho pa mwayi umene lamulo limapereka kwa magulu ena a anthu ndi mabungwe. Mwayiwo ndi wa amene anapatsidwa, ndipo galimotoyo siigulitsidwa kwa munthu wina popanda chilolezo cha MRA.

Palinso akuba amene amatsegula masamba a intaneti ofanana ndi a makampani enieni, kapena amene amalengeza galimoto pa Facebook ndi WhatsApp pa mtengo wotsika modabwitsa. Wogula akatumiza ndalama, iwo amasowa. Chizindikiro chodziwikiratu ndi kupemphedwa kutumiza ndalama ku akaunti ya munthu m'malo mwa ya kampani, kapena ku dziko losiyana ndi limene kampaniyo ili. Ndalama imene yatuluka m'dziko mwa njira imeneyi kawirikawiri siibwerera.

Galimoto yatsopano ndi chitsimikizo chake

Amene akuitanitsa galimoto yatsopano ayenera kufufuza za chitsimikizo chimene kampani yopanga galimotoyo imapereka, choti idzaikonza mwaulere ikawonongeka m'zaka zoyambirira. Chitsimikizochi nthawi zina chimagwira ntchito m'dziko lokhalo limene galimoto inagulitsidwa, ndipo kampani ya kuno ikhoza kukana kuchilemekeza. Ndi bwino kufunsa zimenezi molemba kalata ndi kusunga yankho lake.

Galimoto za dzina limodzi zimapangidwa mosiyana potengera dziko limene zikupita. Ina imakhala yotsika kwambiri moti siingayende pa misewu ya fumbi nthawi ya dzinja, ina imakhala ndi injini imene amakaniko a kuno sanaizolowere, ndipo zipangizo zake zimasowa m'masitolo a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Kwa mlimi, galimoto imene yaima mwezi wathunthu kudikira chipangizo m'nyengo yogulitsa mbewu imadya phindu la chaka chonse. Ndiponso m'dziko muno galimoto zimayenda kumanzere kwa msewu, choncho yoyenera ndi ya chiwongolero cha kumanja.

Kuwerengera wogula asanalipire

Njira yodalirika yodziwira ngati kuitanitsa galimoto kupulumutse ndalama ndi kulemba pa pepala limodzi ndalama zonse: mtengo wa CIF, zolipira pa doko, ulendo wa pa msewu, misonkho yonse itatu, malipiro a maejenti, kulembetsa, inshuwalansi, ndi ndalama yapadera yodzitchinjiriza nayo kwacha ikatsika kapena galimoto ikachedwa. Chiwerengero chimenecho ndicho chiyenera kuyerekezedwa ndi mtengo wa galimoto yofanana nayo imene ili kale m'dziko muno, yolipiridwa msonkho ndiponso yolembetsedwa. Nthawi zina kudziitanitsira kumapulumutsadi ndalama; nthawi zina kusiyana kwake kumakhala kochepa kwambiri moti sikulingana ndi chiopsezo chake.

Ofuna kudziwa zambiri za msonkho apite ku ofesi ya MRA imene ali nayo pafupi atatenga dzina la galimoto, chaka chimene inapangidwa, kukula kwa injini ndi mtengo umene wogulitsa watchula. Za kulembetsa ndi kupimitsa galimoto afunse ku maofesi a nthambi yoona za pa msewu. Mafunso onsewa afunsidwe ndalama isanatumizidwe kwa wogulitsa.