Mabuloko pabwalo, masheya m'tauni: mbiri ya ndalama ya ku Kalikiliki

Mukatsika basi pa Mtendere n'kuyenda wapansi kulowa mu Kalikiliki, muziponya maso pamabwalo a nyumba. Pamakomo ambiri mupeza mulu wa mabuloko a simenti, ena ataunjikidwa kuseri kwa bafa, ena atachita kale ndere ndi mvula ya zaka ziwiri. Mlendo angaganize kuti mwini wake ntchito yomanga inamukanika, pamene mwini wakeyo akudziwa kuti muluwo ndiwo banki yake. Akagulitsa tomato, malasha kapena salaula n'kutsalako kenakake, amakagula mabuloko khumi. Akakwana amadzutsa chipinda, chipindacho n'kulowa munthu wa lendi, ndipo zipinda zikandandalika zimasanduka mdadada wodyetsa banja mpaka muukalamba.

Akatswiri a zachuma amakonda kudandaula kuti anthu a m'komboni sadziwa poika ndalama kuti ibereke. Ine sindigwirizana nawo. Dera limene dzina lake lomwe limanena za anthu otanganidwa, amene ali kalikiliki kuyambira mbandakucha, silingakhale la anthu osadziwa kuwerengera phindu. Mabuloko aja ndi yankho la zimene anthuwa anaona ndi maso awo pa zaka zoposa 60.

M'nthawi ya atsamunda, munthu wakuda mu Lusaka ankatengedwa ngati mlendo wobwera kudzagwira ntchito, woti akakalamba azibwerera kwawo. Choncho chuma chake chinkapita kumudzi: ng'ombe ku Petauke kapena ku Katete, njinga, malata, makina osokera. Kuti malipiro ochepa agule chinthu chooneka, anthu ankachita chilimba, chimene ku Malawi amati chipereganyu. Anthu asanu kapena khumi amasonkha mwezi ndi mwezi, mmodzi n'kutenga zonse, mwezi wotsatira wina, mpaka aliyense adyeko. Chilimba sichibereka chiwongoladzanja. Ntchito yake ndi kumanga munthu manja kuti asadye mbewu, ndipo chikole chake ndi manyazi, poti wothawa ndi ndalama za anzake alibe pobisala pamsika kapena kutchalitchi.

Ufulu utabwera mu 1964, anthu anakhamukira m'tauni ndipo makomboni anakula. Ena mpaka lero amadziwika ndi mayina a eni malo akale, monga George, John Laing ndi John Howard. Lamulo la nyumba la 1974 linatsegula njira yoti wokhala m'komboni yovomerezedwa alandire chikalata chokhalira pamalo kwa zaka 30. Kuyambira pamenepo munthu akanatha kugwetsa nyumba ya dothi n'kumanga ya mabuloko mtima uli m'malo.

Kwacha inayamba kugwira ntchito mu Januwale 1968, ndipo inali ndalama yolemera: K1 inkasinthidwa ndi dola imodzi ndi masenti 40 a ku America. Chaka chomwecho ku Mulungushi, Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani ambiri, ndipo mu Ogasiti 1969 ku Matero, komboni ya mu Lusaka momwemuno, analengeza zomwezo za migodi ya kopa. Boma ndilo linakhala wogula masheya m'malo mwa tonse, kudzera m'makampani ake a INDECO ndi ZIMCO. Msika wa masheya kunalibe. Wapantchito ankadulidwa ndalama yopita ku Zambia National Provident Fund, yomwe inakhazikitsidwa mu 1966, ndipo wofuna kusunga ankatsegula buku ku positi kapena ku Zanaco, banki imene inayamba mu 1969.

Zonsezi zinatsamira pa mwala umodzi, kopa. Mtengo wake utagwa mu 1975, kwacha inayamba kupepuka, poyamba pang'onopang'ono, kenako mothamanga boma litayamba kugulitsa madola pa okushoni mu Okutobala 1985. Mtengo wa ufa unautsa zipolowe ku Copperbelt mu Disembala 1986 ndiponso mu Lusaka mu Juni 1990. Mu 1993 mitengo ya zinthu inakwera ndi zoposa 180 pa 100 m'chaka chimodzi.

Chiwerengero chimenechi ine ndimachimvera mwa amalume anga. Anagwira ntchito yoyendetsa galimoto pakampani ina ya boma zaka zambiri, akudulidwa mwezi uliwonse, ndipo ankatiuza kuti akadzapuma adzamanga nyumba ya zipinda zinayi. Tsiku lolandira litafika, ndalamayo sinakwane ngakhale malata. Panalibe amene anawabera. Manambala m'buku anali olondola, koma ndalamayo inali itafumbwa m'kati ngati chimanga cha m'nkhokwe. Mnzawo amene zaka zonsezo ankangogula mabuloko anali ndi zipinda za lendi, ndipo mitengo ikakwera iyenso ankakweza lendi. Ana a m'makomo awiriwa anakula akuona kusiyanako, ndipo ndiwo makolo a lero.

Msika wa masheya unabadwa m'nyengo yoipa chotero. Boma la Frederick Chiluba, lomwe linalowa mu 1991, linayamba kugulitsa makampani a boma potsata lamulo la 1992. Mu 1993 kunabwera lamulo lokhazikitsa Securities and Exchange Commission, bungwe loyang'anira malonda a masheya, ndipo pa 21 Febuluwale 1994 Lusaka Stock Exchange inatsegula zitseko. Cholinga chinali choti nzika wamba igule kachigawo ka makampani ogulitsidwawo. Koma nzikayo inali pamaliro. Zambia Airways inatsekedwa mu Disembala 1994, kampani ya mabasi ya UBZ inatsatira, ndipo anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito. Mu 1995 banki ya Meridien BIAO inagwa, mabanki ena angapo n'kugwanso m'zaka zotsatira, ndipo pakati pa otsekeredwa panja panali anthu amene anali atangosungitsa ndalama zawo zowachotsera ntchito. Mu 1996 boma linagulitsa nyumba za khonsolo kwa okhalamo pamitengo yotsika kwambiri, ndipo amene anagula anaona chuma chawo chikukula chaka ndi chaka. Munthu woona zonsezi mukanamuuza kuti asiye nyumba agule pepala, akanakukumbutsani kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chimene chimandikhudza m'mbiriyi n'chakuti kampani yoyamba kulowa pamsikawo, mu 1995, inali Chilanga Cement, yopanga simenti imene mabuloko a m'komboni amaumbidwira. Anthu a ku Kalikiliki, Kalingalinga ndi Chawama anagula matumba osawerengeka a simenti, phindu lake n'kumagawidwa kwa eni masheya amene ambiri sanapondepo m'komboni. N'chimodzimodzi ndi makampani amene anabwera pambuyo pake: Zambia Sugar ya ku Nakambala, National Breweries yofulula Chibuku, Zambeef, ndiponso mu 2008 Copperbelt Energy Corporation, Zanaco ndi Celtel, imene lero ndi Airtel. Shuga wa m'tiyi, nyama ya pa Khirisimasi ndi mayunitsi a foni, zonse ndi katundu amene amayenda chifukwa cha makomboni. Ogula alipo ambirimbiri kuno, koma eni ndi owerengeka.

Pamene msika wa m'tauni unkayenda mwakachetechete, chilimba chinabala mwana. Njira ya magulu osunga ndi kubwereketsana, yomwe bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991, inafika kuno kudzera m'mabungwe ndi mipingo, ndipo anthu anaitcha village banking ngakhale ili pakati pa tauni. Kusiyana kwake ndi chilimba n'kwakuti ndalama yosonkhedwa imabwereketsedwa kwa mamembala pa chiwongoladzanja, kawirikawiri 10 kapena 20 pa 100 pamwezi, ndipo chaka chikatha, nthawi zambiri chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, amagawana zonse malinga ndi zimene aliyense anaika. Amayi ambiri amene sanapite patali ndi sukulu aphunzira m'magulu amenewa kulemba buku la ndalama, kulipiritsa chindapusa ndi kuwerengera phindu. Ndiponso magulu apulumutsa anthu ku kaloba, amene amafuna K150 pa K100 mwezi ukatha n'kukunyamulira TV ukachedwa.

Komabe tiyenera kunena zoona za phindu limeneli. Limachokera m'matumba a mamembala omwewo. Wobwereka kwambiri ndiye amadyetsa wosunga kwambiri, ndipo m'magulu ena munthu amakakamizidwa kubwereka ngakhale alibe bizinesi, n'kuyamba kutenga ku gulu ili kuti akalipire ku gulu lija. Vuto lina ndi lakuti mamembala onse amadya m'munda umodzi. Kolera itavuta mu Januwale 2018, ogulitsa m'misewu anachotsedwa, ndipo amayi a gulu limodzi anasowa zosonkha tsiku limodzi. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, wowotcherera zitseko, wa saluni ndi wogulitsa nkhuku za m'firiji onse anagwa pamodzi. Nawonso mabuloko ali ndi malire ake. Mwana akadwala usiku sungathyole ngodya ya nyumba kukalipira kuchipatala, ndipo amene anamanga kumunsi, kumene madzi amasefukira m'dzinja, amadziwa kuti khoma nalonso limagwa.

Achinyengo anaona kuti anthu amakhulupirira gulu kuposa banki, ndipo anabwera atavala zovala za gulu. Amalonjeza kuti ndalama ibereka 30 kapena 50 pa 100 pamwezi, oyamba amalipidwadi ndi ndalama za obwera pambuyo, ndipo oyambawo ndiwo amakakoka abale awo ndi anzawo a kukwaya. Nkhani ya Heritage Coin mu 2018 ambiri akuikumbukira, ndipo Bank of Zambia yachenjeza kangapo kuti gulu lotolera ndalama kwa anthu osadziwana silinso village banking. Ndi chikomekome cha mkuyu chenicheni. Funso loyenera kufunsa ndi limodzi: phinduli likuchokera pa malonda anji? Wolephera kuyankha momveka musamupatse ngakhale ngwee.

Sindikunena kuti zam'tauni zilibe ngozi. Mu 2020 Securities and Exchange Commission inalanda utsogoleri wa Madison Asset Management, kampani yosamalira ndalama za anthu, italephera kulipira amene anaikamo. Mu Epulo 2024 Bank of Zambia inatenga Investrust Bank, imene masheya ake anali pamsika. Masheya amatsika mtengo, ndipo pamsika wathu, womwe uli ndi makampani ongopitirira pang'ono 20, ena amatha masiku osapeza wogula. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kuli lamulo, mabuku amawerengedwa poyera, ndipo pali ofesi yokadandaulako.

Mdani wa amalume anga uja, kukwera kwa mitengo, sanafe. Pa 1 Januwale 2013 boma linachotsa maziro atatu pa kwacha, poti dola imodzi inali itapitirira K5,000. Dziko linabwereka madola 750 miliyoni pamsika wakunja mu 2012, linabwerekanso mu 2014 ndi 2015, ndipo mu Novembala 2020 linalephera kulipira. Pakati pa 2021 kukwera kwa mitengo kunafika 24.6 pa 100. Tiyerekeze kuti munasunga K1,000 pamalo opereka 5 pa 100 pachaka. Chaka chitatha muli ndi K1,050, pamene katundu wa K1,000 uja akugulidwa K1,246. Mwasunga mokhulupirika koma mwasauka. Choncho aliyense wokuuzani za phindu, muziyamba mwachotsapo kukwera kwa mitengo.

Zimene zasintha m'zaka zaposachedwa ndi kutalika kwa njira. Kafukufuku wa FinScope wa 2020 anapeza kuti akuluakulu 69.4 pa 100 aliwonse akugwiritsa ntchito njira ina ya zandalama, kuchoka pa 59.3 mu 2015, ndipo chachikulu chinakweza chiwerengerochi ndi ndalama ya pafoni. Timabufu ta Airtel ndi MTN tili pangodya iliyonse ya Kalikiliki. Boma limabwereka kwa nzika kudzera mu Bank of Zambia, pa matreasury bill a masiku 91 mpaka 364 ndi mabondi a zaka 2 mpaka 15, ndipo munthu angayambe ndi K1,000, ndalama imene magulu ambiri amasonkha pa msonkhano umodzi. Bondi imapereka chiwongoladzanja miyezi 6 iliyonse, atadulapo msonkho. Pokonzanso ngongole zake, Zambia sinakhudze mabondi a kwacha a anthu ake, pamene ku Ghana eni mabondi a m'dziko anamva kuwawa. Palinso ma unit trust, momwe ndalama za anthu ambiri zimaphatikizidwa n'kuyendetsedwa ndi kampani yokhala ndi chilolezo, chinthu chimene mayi wa chilimba angachimvetse msanga kuposa wina aliyense.

Koma mu Epulo 2023, lamulo litalola anthu kutapako 20 pa 100 ya ndalama zawo za penshoni ku NAPSA, nkhani imene inkamveka m'mabasi inali ya mapuloti, simenti ndi ngongole. Za mabondi ndi masheya zinkakambidwa m'Chingerezi, m'mahotela ndi m'masamba a zamalonda amene wogulitsa pamsika sawerenga. Apa mlandu suli pa anthu a m'komboni.

Pempho langa likupita kwa a Lusaka Securities Exchange, monga msikawu ukudziwikira tsopano, kwa a Securities and Exchange Commission ndi kwa mabuloka onse ogulitsa masheya. Bwerani pa msika wa Mtendere Loweruka, mukhale pa benchi ndi asungichuma a magulu, mufotokoze m'Chinyanja za phindu ndi za ngozi zomwe, ndipo mitengo ya masheya izimveka pawailesi monga imamvekera ya ufa. Inunso amayi ndi abambo a magulu, mabuloko musasiye kugula, koma pa kugawana kwa chaka chino patulani K1,000 imodzi, mukafunse ku banki kapena kwa buloka za bondi ya boma, ndipo musanapereke ndalamayo muuzeni akuonetseni chilolezo chake.