Kukweranitsa mahatchi oyenda mtunda wautali

Kukweranitsa mahatchi oyenda mtunda wautali ndi luso losankha hatchi yaimuna ndi yaikazi za mitundu yosiyana kuti zibereke mwana wopirira, wotha kunyamula munthu tsiku lonse osafooka. Mahatchi otere amafunika pa mipikisano ya mtunda wautali komanso pa maulendo a alendo okaona nyama. Ku Malawi, maulendo a pahatchi adatchuka ku Nyika, m'boma la Rumphi.

Mpikisano wake

Pa mipikisano ikuluikulu ya bungwe la FEI, hatchi imayenda makilomita 160 tsiku limodzi. Ulendowu umagawidwa m'zigawo, ndipo pakutha pa chigawo chilichonse madokotala a ziweto amaiyeza. Hatchi yotsimphina, kapena imene mtima wake sukutsika kufika pa 64 pa mphindi, imachotsedwa mumpikisano ngakhale itakhala patsogolo. N'chifukwa chake oweta samangoyang'ana liwiro. Mpikisano wa Tevis Cup ku California udayamba mu 1955, ndipo ku South Africa wotchuka ndi wa ku Fauresmith, wa makilomita pafupifupi 200 m'masiku atatu.

Mitundu imene amasankha

Arabian ndiwo mtundu umene umapambana kawirikawiri. Ndi hatchi yocheperako thupi, ya khungu lopyapyala, choncho imazizira msanga ikachita thukuta ndipo mtima wake suchedwa kukhazikika.

Thoroughbred ndi yaitali ndiponso yothamanga kwambiri, koma imadya zambiri ndipo ziboda zake nthawi zambiri sizilimba pamiyala. Mwana wa Thoroughbred ndi Arabian amatchedwa Anglo-Arab.

Boerperd wa ku South Africa ndi Basotho pony wa ku Lesotho ndi mahatchi ofatsa, oponda bwino m'mapiri, ndipo amakhala ndi thanzi ngakhale msipu uli wochepa. Nooitgedachter adachokera kwa Basotho pony, pa ntchito yoweta imene idayamba mu 1952 pafupi ndi Ermelo.

Zoyenera kuona posankha makolo

Dzina la mtundu palokha silokwanira. Oweta amaona mbiri ya makolo onse awiri, makamaka kuti adamaliza mipikisano ingati popanda kuvulala. Amaonanso kuongoka kwa miyendo, kulimba kwa ziboda, kukula kwa chifuwa ndi khalidwe. Hatchi yamantha imadzitopetsa yokha ulendo usanafike patali.

Mahatchi a Arabian ali ndi matenda ena achibadwa, monga SCID, amene amachititsa mwana kubadwa wopanda chitetezo cha m'thupi n'kufa patangopita miyezi yochepa. Ngati makolo onse awiri ali ndi mbewu ya matendawa, mwana mmodzi mwa anayi akhoza kubadwa nawo. Kuyeza DNA kumaonetsa zimenezi asanakweretse.

Kulakwitsa posankha kumataya zaka zambiri. Hatchi imakhala ndi bere kwa miyezi pafupifupi 11, ndipo siiloledwa pa mpikisano wa FEI wa makilomita 160 isanakwanitse zaka 8.

Mahatchi ku Rumphi

Nkhalango ya Nyika, imene idakhazikitsidwa mu 1965, ndiyo yaikulu pa malo onse osungirako nyama ku Malawi. Mbali yaikulu ili pamwamba kuposa mamita 2,000, ndipo mu June ndi July kumagwa chisanu. Kampani ya Nyika Safari Company inkaweta mahatchi ku Chelinda ndi kuyendetsa alendo kwa masiku angapo pakati pa mbidzi ndi nchefu. Iyi sinali mipikisano, koma inkafuna hatchi yofatsa, yodziwa kukwera zitunda ndi yopirira kuzizira, osati yaliwiro.

Kumunsi zinthu n'zosiyana. M'dera la Vwaza muli kashembe, amene amafalitsa kaodzera kwa anthu ndi matenda ofanana nawo kwa ziweto, ndipo mahatchi salimba nawo. Palinso matenda a African horse sickness, ofalitsidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka madzulo, amene amatha kupha mahatchi 9 mwa 10 osalandira katemera. Palibe mtundu wa hatchi umene sugwidwa ndi matendawa, choncho kukweranitsa sikulowa m'malo mwa katemera ndi khola lotsekedwa bwino usiku.