Oyendetsa Ndeke za Nkhondo m'Zambia

Mzinda wa Lusaka uli ndi mabwalo awiri a ndeke. Lakale liri m'kati mwa mzinda, kufupi ndi Longacres ndi Kabulonga, ndipo ndi pomwe pali likulu la Zambia Air Force, gulu la asilikari a mumlengalenga. Lalikulu liri ca kum'mawa, kupitirira Chelstone. Linatsegulidwa m'caka ca 1967, ndipo m'caka ca 2011 linapatsidwa dzina la Kenneth Kaunda. Cotero ana a mumzinda uno amakula alikumva kulira kwa ndeke, ndipo ambiri akafunsidwa nchito imene aikhumba, amayankha msanga kuti afuna kuyendetsa ndeke. Khumbo lotere nlabwino ndithu. Koma akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni tsono tione mbiri ya anthu amene anagwira nchito imeneyi m'dziko muno, pakuti itiphunzitsa kuti ndeke, ngakhale iuluka kumwamba, moyo wace uli m'manja mwa anthu otsala pansi.

Magawano a 1963

M'masiku a Atsamunda, Kabulonga ndi Woodlands anali malo a Azungu, ndipo anthu akuda ogwira nchito m'tauni anali kukhala m'malo onga Kabwata, m'tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu. Mwana wa ku Kabwata anali kungoiona ndeke ndi maso, pakuti oyendetsa ndeke za nkhondo za Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland anali Azungu okhaokha.

Citaganyaco cinatha pa 31 December, 1963, ndipo maiko atatu aja anagawana katundu. Magawano a ndeke sanali olingana. Ndeke zaliwiro zomenyera nkhondo, za mtundu wa Hunter ndi Canberra, zinatsala ku Southern Rhodesia, ngakhale kuti ndalama zambiri za Citaganya zinali kucokera ku migodi yathu ya mkuwa. Dziko lino linangolandira ndeke zowerengeka zonyamula anthu ndi katundu, za mtundu wa Dakota ndi Pembroke. Ndi zimenezi Zambia inalowa nazo mu ufulu pa 24 October, 1964. Musaiwale magawano amenewa, cifukwa ndeke zotsala kummwera zija tidzakomana nazonso.

Pa 11 November, 1965, Ian Smith anapandukira Boma la Britain, nati Rhodesia idzilamulira yokha pansi pa Azungu. Zambia inaoneka ngati mudzi wopanda mpanda. M'mwezi wa December Angerezi anatumiza ndeke zao za mtundu wa Javelin ku Ndola ndi ku Lusaka. Koma ndekezo zinali kumvera lamulo la ku London, ndipo m'caka ca 1966 zinabwerera kwao. Apa Boma la Kaunda linaona kuti mkondo wobwereka sungachinjirize mudzi. Anyamata a dziko lino anayamba kuphunzira kuuluka, ena ku Livingstone, ena ku maiko akunja, ndipo Boma linagula ndeke ku Italy ndi ku Yugoslavia. M'caka ca 1972 Peter Zuze anakhala mwana wa Zambia woyamba kulamulira gulu lonselo. Linali dzina lalikulu m'masiku amenewo kuchedwa woyendetsa ndeke, pakuti sizinapite zaka khumi cicokere nthawi imene anthu ena anali kunena kuti munthu wakuda sangathe nchito yotere.

Tsiku la ku Chikumbi

Zambia inalandira omenyera ufulu wa maiko oyandikana nayo, ndipo cifukwa ca ici inaputa mkwiyo wa Smith. Pa 3 September, 1978, asilikari a ZIPRA, otsatira Joshua Nkomo, anagwetsa ndeke ya anthu apaulendo ya Air Rhodesia kufupi ndi Kariba. Kubwezera kwace kunadza m'mawa wa pa 19 October. Ndeke za Rhodesia zinaloŵa m'dziko muno ndi kuponya mabomba pa msasa wa ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndiponso pa msasa wa ku Mkushi, kumene kunali atsikana ambiri. A ku Rhodesia anati misasayo inali ya asilikari. A Nkomo anati munali othawa nkhondo. Ku Chikumbi kokha kunafa anthu oposa 200, ndipo obvulala anadzaza cipatala cacikulu ca Lusaka.

Wotsogolera ndekezo, Chris Dixon, amene anadzicha Green Leader, analankhula pa wailesi ndi olondolera ndeke a pa bwalo la Lusaka. Anawauza kuti ndeu yace sinali ndi Zambia, koma kuti ndeke zace zinali kuzungulira pamwamba pa mabwalo a asilikari athu, ndipo zinalamulidwa kugwetsa ndeke iri yonse yoyesa kunyamuka. Ndeke za Zambia sizinanyamuke. Zoponya mabombazo zinali Canberra ndi Hunter, mitundu yomwe ija inatsala kummwera pa magawano.

Munthu wosadziwa angati oyendetsa ndeke athu anacita mantha. Koma taganizani bwino. Ndeke iri pa liwiro la pansi, isanakwere m'mwamba, ifanana ndi nkhanga yonyowa mapiko, ndipo mdani amene ali kale pamwamba pace aiwombera mosabvuta. Cipambano pa nkhondo ya mumlengalenga cikhala kwa iye amene waona mnzace poyamba, ndipo kuona poyambako ndi nchito ya makina a pansi openya ndeke zikali kutali, ndi ya anthu ofulumira kupereka lamulo. Zimenezi zikasowa, kulimba mtima kwa woyendetsa kungoonjezera maliro. Komabe kwa munthu amene anaphunzira zaka zambiri kuti achinjirize dziko lace, kukhala pansi alikumva mabomba cinali cowawa coposa bala.

Pofuna kutseka mpata umenewu, Boma linagula ndeke zaliwiro za MiG-21 ku Soviet Union m'caka ca 1980. Koma pangano lothetsa nkhondo ya Rhodesia linali litasainidwa kale ku London mu December 1979, ndipo pa 18 April, 1980, Zimbabwe inalandira ufulu. Cishango cinafika nkhondo itatha.

Zaka za kusowa

Pamenepo nkuti mtengo wa mkuwa utagwa kuyambira m'caka ca 1975, ndalama zakunja zikusowa. Bvuto linakula cifukwa ndeke zathu zinali zocokera ku maiko osiyanasiyana: Italy, Yugoslavia, China, Canada ndi Soviet Union. Mtundu uli wonse unali ndi zitsulo zace, mabuku ace ndi amisiri ace, ndipo citsulo ca mtundu wina sicikanalowa pa unzace. Ndeke imasiyana ndi galimoto, pakuti zitsulo zace ziri ndi maola owerengeka, ndipo maolawo akakwana ziyenera kucotsedwa ngakhale zioneka zabwino. Luso la woyendetsa nalonso limacita dzimbiri ngati khasu logonera panja. Afunika kuuluka kawirikawiri kuti manja ndi maso zisaiwale. Pamene mafuta ndi zitsulo zacepa, iye amene analowa nchito kuti auluke amathera masiku pa mapepala a mu ofesi.

Zipatso za kusowa kumeneku zinaoneka pa 27 April, 1993. Timu ya mpira ya dziko lino inali kupita ku Dakar kukasewera ndi Senegal, ndipo inakwera ndeke ya asilikari ya mtundu wa Buffalo, yopangidwa ku Canada. Ndeke imeneyi inapangidwira maulendo afupiafupi ndi mabwalo a m'chire, cotero inayenera kuima katatu kumwa mafuta: ku Brazzaville, ku Libreville ndi ku Abidjan. Inali itakhala miyezi ingapo yosauluka, ndipo pa Brazzaville injini ina inaonetsa kale zizindikiro za matenda, koma ulendo unapitirira. Usiku umenewo, itangonyamuka pa Libreville, inagwera m'nyanja kufupi ndi gombe. Anthu onse 30 anafa: osewera 18, aphunzitsi ao ndi anzao apaulendo, ndi asilikari 5 a m'ndekemo. Anaikidwa pambali pa Independence Stadium mu Lusaka.

Lipoti la Boma la Gabon linaturuka patapita zaka khumi, m'caka ca 2003. Linati injini ya kumanzere inagwira moto, ndipo woyendetsa anazima ya kumanja, imene inali yabwino, ndeke nitsala yopanda mphamvu. Linatinso cizindikiro ca m'cipinda coyendetsera cinali colakwika, ndi kuti woyendetsayo anali wotopa, popeza anali atangobwera nayo timu yomweyo kucokera ku Mauritius. Nkwapafupi kuloza cala dzanja limene linazima injini. Koma dzanjalo linali lotsiriza pa mndandanda wa manja ambiri: amene anasankha ndekeyo, amene analola kuti ipitirire, ndi amene anakonza maulendo osasiya nthawi ya tulo. Msilikari sakana lamulo monga akanira munthu wamba, ndipo apa ndi pamene pagona kulemera kwa nchito yace.

Caka cotsatira, mu December 1994, kampani ya Zambia Airways inatsekedwa. Khomo limene woyendetsa ndeke wa usilikari akanalowapo atapuma nchito linatsekeka, ndipo akatswiri ambiri anamwazikana kukafuna nchito ku maiko ena.

Makina odziyendetsa okha

Ena amati mabvuto onsewa adzatha pamene makina adzalowa m'malo mwa munthu, pakuti makina satopa ndipo sacita mantha. Maganizo amenewa si atsopano. M'caka ca 1914, ku Paris, Lawrence Sperry anaonetsa ndeke yoyenda bwinobwino iye atakweza manja m'mwamba. M'caka ca 1947 ndeke ya asilikari a America inaoloka nyanja ya Atlantic, kunyamuka ndi kutera komwe, ikuyendetsedwa ndi makina. Kale ndeke yaikulu inali ndi anthu asanu kutsogolo: oyendetsa awiri, woyang'anira injini, wopenya njira ndi wa wailesi. Lero atsala awiri. Ndeke zopanda munthu m'kati zamenya kale nkhondo m'maiko ambiri, ndipo m'caka ca 2023 asilikari a America anayesa ndeke ya F-16 yoyendetsedwa ndi kompyuta polimbana ndi inzace yoyendetsedwa ndi munthu. Ngakhale kwa anansi athu ku Malawi, m'caka ca 2017 Boma pamodzi ndi UNICEF linapatula dera la ku Kasungu kuti likhale loyeserako tindeke topanda munthu tonyamula mankhwala.

Palibe angakane kuti makina apulumutsa miyoyo yambiri. Koma walira mvula walira matope. Mu February 2015, ku Taipei, ndeke yatsopano ya TransAsia, yodzala ndi makina amakono, inazimikira injini imodzi itangonyamuka. Oyendetsa anazima inzace yabwino, monga zinacitikira ku Libreville, ndipo anthu 43 anafa. Pa 10 March, 2019, ndeke ya Ethiopian Airlines ya mtundu wa Boeing 737 MAX inagwa itangocoka pa Addis Ababa, nipha anthu 157. Pamenepa wolakwa anali makina: kompyuta inakhulupirira kacipangizo kamodzi koonongeka, niweramitsa mphuno ya ndeke pansi mobwerezabwereza, oyendetsa alikulimbana nayo. Onani tsono kufanana kwace. Munthu wa ku Libreville ananyengedwa ndi cizindikiro colakwika. Kompyuta ya ku Addis Ababa inanyengedwanso ndi cizindikiro colakwika. Onse awiri anacita monga mwa zimene anauzidwa, ndipo mlandu weniweni unayambira pansi, kwa opanga, okonza ndi olamulira.

Cotero makina sacotsa udindo wa munthu. Angousuntha kuucotsa m'cipinda coyendetsera ndi kuuika m'manja mwa amisiri a magetsi, olemba malangizo a kompyuta, ndi osunga ndalama zogulira zitsulo. Kwa dziko longa lathu, limene ligula ndeke zace kunja, pali cinanso coti tilingalire. Ngati m'zaka za m'ma 1980 tinabvutika kupeza citsulo cimene mmisiri atha kucigwira ndi manja, kudzakhala kotani ndi malangizo a kompyuta amene mfungulo yace iri kwa mwini fakitale kutsidya la nyanja? Phunziro la ndeke za Javelin, zomvera lamulo la ku London, likali ndi nchito.

Kwa inu otsiriza sukulu

Nchito yoyendetsa ndeke za nkhondo siinathe. M'zaka za 2016 ndi 2017 Zambia inalandira ndeke 6 za mtundu wa L-15 zocokera ku China, ndipo m'caka ca 2017 dziko linamva za Thokozile Muwamba, mkazi woyamba wa kuno kuyendetsa ndeke ya nkhondo. Khomo limene linali lotsekeka kwa mwana wa ku Kabwata liri lotseguka tsopano kwa anyamata ndi atsikana omwe.

Koma amene afuna kulowapo adziwe kuti woyendetsa wa masiku akudza adzakhala woyang'anira makina koposa wogwira ciongolero, ndipo adzafunika nzeru yozindikira pamene makinawo alikunama. Nzeru yotere icokera ku masamu, ku sayansi ndi ku kuwerenga kosalekeza. Ndipo ngati maso anu kapena thupi lanu silidzaloledwa kuuluka, musadziyese otayika. Mbiri tafotokozayi yaonetsa kuti pa Chikumbi panasowa openya ndeke zikali kutali, ndi kuti pa Libreville panasowa citsulo cabwino ndi munthu wa ulamuliro wonena kuti ndeke iyi lero siinyamuka. Mutu umodzi susenza denga. Dziko lifuna amisiri okonza injini, olondolera ndeke, akatswiri a nyengo ndi a makompyuta, amene adzagwira nchito zao mokhulupirika kuti iye wokwera kumwamba abwerere kwa ana ace madzulo.